Mapilisi a ubongo asiyeni kaye, vuto lili pa kawerengedwe ndi tulo

Achemwali, ndaona funso lanu loti mumawerenga mpaka pakati pausiku koma pakangopita masiku awiri mutu uli mbee, ndiye mukufunsa mapilisi ati a ubongo omwe mungagule mayeso asanafike. Ine ndikuti musagule kaye chilichonse. Ambiri mwa mapilisi amenewo alibe umboni wogwira mtima. Mwachitsanzo ginkgo (mankhwala opangidwa kuchokera ku masamba a mtengo wina) amene amatchuka kwambiri uja, ku America anamuyesa pa achikulire oposa 3,000 kwa zaka pafupifupi 6, zotsatira zinatuluka mu 2008 ndipo sanachepetse matenda oiwala ngakhale pang'ono. Ndiye ndalama yanuyo isungeni.

Komanso musadziope kuti mutu wanu wawonongeka ayi. Kuiwala msanga zomwe wangowerenga kumene ndi mmene ubongo wa munthu aliyense umagwirira ntchito. Katswiri wina wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, anazionetsa kale mu 1885, zambiri zimatayika m'maola oyamba ndi tsiku loyamba lomwelo, kenako kuiwalako kumachedwa. Ndiye funso si loti nchifukwa chani ndikuiwala, funso ndi loti mukuchita chani mukamaliza kuwerenga.

Apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse bwino chifukwa ndi pomwe ambiri timaluzira nthawi. Mu 2006 Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke a ku Washington University ku St. Louis anapatsa ophunzira nkhani yaifupi. Gulu lina linaiwerenga mobwerezabwereza, lina linangowerenga kanthawi kamodzi kenako nkumalemba zonse zomwe likukumbukira pepala litatsekedwa, katatu konse. Atawayesa patangopita mphindi 5 obwereza aja anapambana, ndipo iwowo ndi omwe ankadzidalira kwambiri kuti azikumbukira. Koma patapita sabata imodzi zinatembenuka, odziyesa okha aja anakumbukira pafupifupi 61 peresenti pomwe obwerezawo anatsala pa 40. Mwaona msampha wake? Ukawerenga ndime kachinayi maso amaizolowera, umamva ngati ukuidziwa, pomwe ukungoizindikira basi. Mu mayeso mulibe ndime yoti uizindikire, muli pepala lopanda kanthu ndi iweyo.

Ndiye chitani chonchi, werengani mutu umodzi, tsekani buku, tengani pepala ndi cholembera mulembe chilichonse chomwe chatsala m'mutu ngakhale zitakhala mizere itatu yokha yosalongosoka. Kenako tsegulani mufananize, zomwe munaphonya muzichonge ndi cholembera cha mtundu wina. Mawa lake musayambe ndi kuwerenga, yambani ndi pepala lopanda kanthu lija, kenako patatha masiku atatu, kenako sabata. Ndikuchenjezeni, zimawawa. Mudzakhala mukuyang'ana pepala mawu ali pa nsonga ya lilime koma osatuluka, ndipo mtima udzafuna kungosuzumira m'buku. Musasuzumire msanga, kulimbana komweko kofuna kutulutsa chinthu m'mutu ndi komwe kumachikhazika. Ngati muli ndi mapepala a mayeso akale ndiye bwino kwambiri, ayankheni buku lili kutali.

Tsopano nkhani ya usiku ija, imeneyi ndi yomwe yandidetsa nkhawa kwambiri mu uthenga wanu. Mkati mwa ubongo muli kachigawo kotchedwa hippocampus komwe kamagwira zinthu zatsopano. Kufunika kwake kunadziwika bwino pa bambo wina dzina lake Henry Molaison, mu 1953 madokotala anamuchotsa mbali yaikulu ya kachigawoka mbali zonse ziwiri pofuna kuchiza khunyu, ndipo kuchokera pamenepo mpaka pomwe anamwalira mu 2008 samatha kusunga zinthu zatsopano, munthu amacheza naye kenako akabweranso amakhala ngati mlendo. Kachigawo kameneka kamagwira ntchito yaikulu tili mtulo. Mu 1994 Matthew Wilson ndi Bruce McNaughton anapeza kuti maselo a mu hippocampus ya makoswe omwe amagwira ntchito limodzi khoswe akuyendayenda kusaka chakudya, amayambanso kugwira limodzi khosweyo atagona, ngati ubongo ukubwereza phunziro la masana. Mukadula tulo mwadula kubwereza kumeneko. Ndipo sizithera pomwepo, gulu la ofufuza la Matthew Walker mu 2007 linaonetsa anthu zithunzi atachezera usiku umodzi osagona, hippocampus yawo simagwira ntchito mokwanira ndipo patapita masiku awiri anakumbukira zochepa kuposa anzawo omwe anagona. Kutanthauza kuti kuchezera kumakuberani kawiri, zomwe munawerenga dzulo sizikhazikika komanso zomwe muphunzire lero sizilowa bwino.

Mwina munamvapo ija yoti tulo timatsuka zinyalala mu ubongo. Imeneyo inachokera kwa Maiken Nedergaard ndi anzake ku University of Rochester mu 2013 pa mbewa, koma mu 2024 ofufuza a ku Imperial College London anapeza zotsutsana nazo ndiye akatswiri akukanganabe. Zoti tulo timathandiza kukumbukira zokha nzokhazikika, maola 7 kapena kuposerapo kwa munthu wamkulu, ndipo ine ndingakonde muwerenge maola awiri mutu uli bwino kusiyana ndi asanu mukusinza.

Foni nayo ikhale chipinda china mukamawerenga, osati kungoitembenuza pa tebulo. Chinthu chomwe chalowa maganizo ali pawiri chimalowa mwa theka, ndiye mawa mudzati ndaiwala pomwe sichinalowe nkomwe. Kuyenda ndawala kumathandizanso, Kirk Erickson ndi anzake mu 2011 anapeza kuti achikulire omwe amayenda katatu pa sabata kwa chaka chimodzi hippocampus yawo inakula ndi pafupifupi 2 peresenti, ngakhale kwa inuyo ndingaike tulo ndi kudziyesa patsogolo.

Koma chinthu chimodzi chonde musachitenge mopepuka. Ngati kuiwalaku sikuli pa mabuku okha, mukuiwala zomwe mwakambirana ndi munthu m'mawa womwewo, mukusokonekera pa njira yomwe mumaidziwa, kapena mukutopa nthawi zonse, mtima uli pansi ndipo palibe chikukusangalatsani, pitani kuchipatala mukafotokoze zonse. Matenda a nkhawa ndi kukhumudwa, vuto la chithokomiro, kuchepa kwa vitamini B12, ngakhale mankhwala ena ogonetsa, zonsezi zimasokoneza kukumbukira ndipo zambiri zimachizika dokotala akazipeza. Ngati mukumwa mankhwala alionse panopa muwatenge mukawaonetse.