Kwa amai amene afunsa za kudzuka usiku

Amai, mwafunsa ngati ndi Mulungu amene amakudzutsani pakati pa usiku, mtima ukukuuzani kuti pempherani, inu n'kungotembenuka ndi kukoka bulangete. Ndikuuzeni zimene zinandionekera ine kuno ku Kapata.

Chaka chatha, m'nyengo yozizira ya June, ndinkadzidzimuka cha m'ma 3 koloko, mabasi opita ku Lusaka asanayambe phokoso. Dzina lobwera mumtima linali limodzi lokha, la alamu anga. Tinakangana pamaliro a apongozi ku Chadiza chifukwa cha munda wa nsawa, ndipo anandinenera mawu pamaso pa anthu amene mpaka lero sindifuna kuwabwereza. Ndiye ati ndiwapempherere? Ndinkadzuka ndithu, koma kukayatsa mbaula, kusankha tomato wopita naye kumsika, kuchapa ngakhale zovala zoyera kale. Manja ankagwira ntchito kuti mawondo asagwade. Masabata atatu!

Kwa anzanga a Chigwirizano ndinkanena kuti vuto ndi tulo ndi kutopa. Linali bodza. Mayi wina wachikulire atandimvetsera anangofunsa kuti, "Mwana wanga, ukukana kupemphera, kapena ukukana munthuyo?" Ndinasowa poyang'ana. Anandikumbutsa za Yona, kuti sanathawire ku Tarisi chifukwa chosamva mawu a Mulungu. Werengani Yona 4:2, iye mwini akuvomera kuti ankadziwa kuti Mulungu ndi wachifundo ndipo akhululukira anthu a ku Nineve. Ndi chimenecho sankafuna. Samueli ali mwana anaitanidwa katatu akuthamangira kwa Eli chifukwa mawuwo anali asanawadziwe. Ine ndinkawadziwa bwino, kungoti khosi linali gwa.

Mukuti mungadziwe bwanji kuti si maganizo chabe? Ine ndimayesa ndi Malemba. Mawu okuuzani kupempherera amene anakulakwirani akugwirizana ndi Mateyu 5:44. Koma akakhala okuuzani kutemberera munthu, kapena kuti tumizani ndalama pafoni kuti pemphero ligwire ntchito, amenewo atayeni, si a Mzimu Woyera.

Usiku umene ndinagonja sindinapemphere zokometsera ayi. Ndinagwada pasimenti yozizira, chitenje chili m'mapewa, n'kunena kuti, "Ambuye, sindifuna, koma ndabwera. Adalitseni alamu anga." Dzina lawo linandikakamira pakhosi ngati nsima yopanda ndiwo. Misozi ndiyo inamaliza. Aroma 8:26 imati Mzimu amatithandiza pamene sitidziwa chopempha, ndipo ndinaziona usiku umenewo.

Munda sunabwerere kwa ife, ndisakunamizeni. Koma mu September ndinamva kuti miyezi yonse ija alamu ankadwala osauza munthu. Ndinakwera minibasi ya ku Chadiza ndi shuga, sopo ndi kapenta. Ndinawapeza atakhala pamphasa kuseri kwa nkhokwe, ataonda kwambiri. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anasendera kuti ndikhale nawo pamphasapo.

Amai, lero usiku mukadzuka, foni musaigwire. Tsikani pabedi mutchule dzina limene labwera, ngakhale mawu akhale awiri okha. Ine pa 3 koloko ndimakhala maso, ndikukumbukirani.