Za mnyamata anakomoka pa uvuni uja, azakhali

Azakhali, mwaswera bwanji kumeneko? Ndaona funso lanu pagulupa, loti mnyamata wanu anakomoka dzulo akuwotcha njerwa ku Chikwawa, thupi lili moto, ndiye anthu akuti ndi chamba. Ndangoti ndijambule mawu, kulemba kunditalikira.

Eya, chamba pachokha sichitenthetsa thupi ngati mmene amachitira malungo. Chimene chimachita n'chakuti mtima umathamanga, mitsempha ya magazi imatakasuka, munthu akadzuka msanga amachita chizungulire. Koma chimene ine chimandiopsa kwambiri ndi mutu. Munthu amene sanasute akamva kuti dzuwa lamukwana amathawira pamthunzi n'kumwa madzi. Wosuta uja sazindikira msanga, amangokankha ntchito. Tsono taganizani, Okutobala wa ku Chikwawa, kumene kutentha kumadutsa madigiri 40, munthu ali pambali pa uvuni, mwinanso dzulo lake anamwako kachasu, amene amamaliza madzi m'thupi. Thupi limafika polephera kudziziziritsa, ndipo likapitirira madigiri 40 ubongo ndi impso zimayamba kuonongeka. Anthu amafa nazo zimenezi, azakhali, si zamasewera.

Chinanso, mumufunse mofatsa, osamukalipira, kuti anasuta chiyani kwenikweni. Kuli china chopangidwa ndi mankhwala, amati Spice kapena K2, masamba ongowazidwa mankhwala basi. Chimenecho ndiye chimatha kutenthetsa thupi zenizeni, munthu n'kumaphupha ngati wakhunyu. Ku Joni ena amasutira chamba pamodzi ndi mankhwala ena osokoneza bongo otchedwa tik, nawonso amatenthetsa koopsa.

Zikadzachitikanso, munthu akuyankhula zosamveka, akudzandira, khungu lili moto, kaya akutuluka thukuta kaya ayi, mumuike pamthunzi, mumuvule malaya, mumuthire madzi ozizira thupi lonse n'kumamukupiza. Nsalu yonyowa m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche. Muzichita zimenezi uku wina akusaka galimoto kapena njinga yamoto, osadikira kuti tione kaye. Ngati sakuzindikira, musamumwetse kanthu, angatsamwe. Akatsitsimuka, Thanzi pang'onopang'ono. Panado musavutike naye, kutentha kwa mtundu umenewu sakutsitsa.

Ndipo ngakhale lero akuoneka kuti ali bwino, apitebe kuchipatala akamuone, makamaka ngati mkodzo ukutuluka wochepa kapena wakuda ngati tiyi. Akakafika akanene zoona kwa adokotala za kusutako, asachite manyazi. Mundiimbire madzulo ndimve mmene wayendera.