Kodi ndi dziko liti limaika ndalama zambiri pa sayansi?

Wowerenga wina wandilembera imelo kufunsa dziko lomwe limaika ndalama zambiri pa kafukufuku wa fizikisi, kemisitiri ndi bayoloje. Funsoli landikhudza, chifukwa ambiri amaliyankha ndi chiwerengero cha nkhani ina.

Chomwe mumachiona kawirikawiri ndi ndalama za kafukufuku monga gawo la GDP, chuma chonse chimene dziko limapanga pa chaka. Israel imapitirira maperesenti 5, South Korea ili pafupi ndi 5, United States pafupifupi 3.5, China inadutsa 2.5 mu 2022. European Union inalonjeza mu 2002 kuti idzafika pa 3, koma mpaka pano ikadali pafupi ndi 2.2. African Union inagwirizana za peresenti imodzi, ndipo ngakhale South Africa sinafikepo.

Koma ziwerengerozi zimaphatikiza kafukufuku wamtundu uliwonse. Buku la OECD (bungwe la mayiko loona za chuma ndi chitukuko) lotchedwa Frascati Manual, lomwe linayamba mu 1963, limagawa kafukufuku m'magulu 6: sayansi ya zachilengedwe, uinjiniya, zaumoyo, zaulimi, zachikhalidwe cha anthu, ndi maphunziro a mbiri ndi luso. Vuto n'lakuti makampani ambiri sanena gulu lomwe ndalama zawo zapita, pomwe ku South Korea makampani monga Samsung ndi amene amachita gawo loposa magawo atatu mwa anayi a kafukufuku yense. Zambiri mwa ndalamazo n'zokonzera katundu wogulitsa, osati zofufuzira mmene chilengedwe chimayendera. Ku Israel nako, gawo lalikulu la ndalama za kafukufuku limachokera kumakampani akunja.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi kafukufuku woyambira, uja wosalonjeza phindu lamsanga. China imaikako maperesenti 6 kapena 7 okha a ndalama zake za kafukufuku, France kuposa 20. Kafukufuku ameneyu safuna ndalama zongobwera mwa apo ndi apo. Boma likadula bajeti chaka chimodzi, firiji zosungira zoyesera zimazima, ophunzira a PhD amasamukira kwina, ndipo ntchito ya zaka khumi imatha. Ndalama zochepa zobwera chaka ndi chaka zimaposa zambiri zobwera kamodzi.

Inuyo, tsegulani ziwerengero za OECD kapena za UNESCO, sankhani ndalama za mayunivesite ndi mabungwe a boma zokha, zogawidwa m'magulu aja, ndipo yerekezani chaka chimodzimodzi pa mlingo wa PPP, womwe umaganizira kusiyana kwa mitengo m'mayiko.