Galu wotafuna zinthu m'nyumba nthawi yozizira

Achimwene, ngati galu wanu akutafuna masilipasi m'nyumba, mpatseni ntchito ya mphuno, yofunafuna chakudya ponunkhiza, masilipasi anuwo apulumuka. Galu wotsekeredwa m'nyumba mu Juni ndi Julayi amatafuna zinthu chifukwa chosowa chochita.

Chakudya chake musamachiike chonse m'mbale. Theka muzilibisa pansi pa mipando, kuseri kwa chitseko, kapena kulikulunga m'thawulo lakale kuti azifukula yekha. Kununkhiza kwa mphindi 15 kumamutopetsa ubongo, kenako amagona phee.

Tenganinso botolo lapulasitiki la malita awiri, muchotse chitsekerero ndi kamphete kake, mubowole mabowo atatu olowa chala chachikulu, muikemo usipa wouma wopanda mchere. Azilikankha ndi mphuno kuti usipa ugwe. Koma muzikhala pafupi, ndipo likayamba kung'ambika mulitaye, chifukwa akameza zidutswa zake zimatseka matumbo.

Kumuphunzitsa “khala” ndi “bwera” kusapitirire mphindi 5, kawiri patsiku. Masana kukafunda muzituluka naye ndithu; kuzizira kwa Lilongwe sikungamuletse kuyenda.

Akasiya kudya, akamatsokomola, kapena akamavutika kudzuka m'mawa, makamaka ngati ndi wokalamba, pitani naye kwa dokotala wa ziweto, monga a LSPCA, bungwe losamalira zinyama la ku Lilongwe.