"Kuno sikuzizira kwenikweni": yankho kwa mayi wofuna kuyamba kukwera mapiri

Mayi wina wandilembera imelo. Akuti komwe amakhala nyengo yozizira siyoopsa, madzi saundana, chipale chofewa sichigwa, ndipo anzake amuuza kuti jinzi ndi juzi imodzi zikwana popita kukakwera phiri. Akufunsa ngati kugula zovala zapadera sikungotaya ndalama. Achemwali, funso lanulo landikanda pachilonda, ndiye mundipirire, ndilankhula motalika.

Mawu akuti "kuno sikuzizira kwenikweni" ndimadana nawo. Ndinawamva m'mawa wina pamene tinkanyamuka m'munsi mwa phiri, gulu la anzathu oyenda limodzi kumapeto kwa sabata. Dzuwa linali phwee, kumwamba kopanda kamtambo. Mnyamata wina wamphamvu zake, wosewera mpira, anabwera ndi jinzi, malaya a thonje ndi kajekete kopyapyala atamanga m'chiuno. Atandiona ndikupanikiza juzi yachiwiri m'chikwama anandiseka, amvekere kodi mukupita ku Siberia. Pokwera anatisiya tonse m'mbuyo. Thukuta linali kamukamu, malaya atamatirira kumsana. Tikufika pamtunda woyera wopanda mitengo, nkhungu inatsika, kenako kamvula kowaza kosatheratu kaja, mphepo ikuomba cham'mbali. Si mvula yoti munthu nkuthawa ayi. Imangonyowetsa pang'onopang'ono.

Chimene sindidzaiwala ndi zala zake. Chingwe cha nsapato chinamasuka, iye nkuwerama kuti amange. Anagwira nsonga ziwiri zija, kuzipingasa, zinapulumuka. Anayesanso, zinapulumukanso, iye nkuyamba kuseka yekha. Zipi ya jekete inamukanikanso kulowetsa. Tikamufunsa ankangoti ndili bwinobwino, koma mawu akutuluka mokoka ngati lilime lamulemera, milomo itachita bii. Munthu yemwe m'mawa ankadumpha miyala tsopano ankapunthwa panjira yosalala.

Ndiye kunabuka mkangano. Amene ankatitsogolera anati patsala pang'ono kufika pansonga, tifike kaye tijambule chithunzi kenako titsike. Ine ndinakana kwamtuwagalu. Tinamukhazika kuseri kwa thanthwe, pachikwama osati pansi ponyowa, tinamuvula malaya a thonje aja, nkumuveka juzi youma ija ankaiseka ija, chipewa, ndi jekete ya mvula ya mnzathu wina pamwamba. Tinamumwetsa tiyi wotsekemera wa m'fulasiki pang'onopang'ono. Atayamba kulankhula zomveka tinatsika naye, wina kutsogolo wina kumbuyo. Mtsogoleri uja anakwiya ulendo wonse wobwerera. Mpaka lero ndimati munthu woika chithunzi cha pa Facebook patsogolo pa mnzake wozizidwa asamatsogolere gulu, ngakhale atakhala kuti njira zonse za m'phirimo amazidziwa pamtima. Ndipo zithunzi zimenezi zatipusitsa. Timaona munthu waima pansonga atavala kamalaya kokongola, manja m'mwamba, koma jekete yomwe waivula kamphindi kuti ajambulidwe sitiiona.

Vuto la nyengo yozizira yofatsa ndi chikomekome cha mkuyu. Kumene kumagwa chipale chofewa aliyense amaopa, amavala mokwanira, ena satuluka nkomwe. Kumene kumakhala madigiri 10 kapena 12 m'munsi anthu amatayirira. Koma mukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6 ndi theka, musanawerengere mphepo. Tengani Table Mountain ku Cape Town, yotalika mamita 1,086. Mu June kapena July, yomwe ndi nyengo ya mvula kumeneko, munthu atha kuyenda mumzinda ndi juzi yokha pamene pamwamba pali nkhungu ndi mphepo yoluma, ndipo dzuwa limalowa isanakwane 6 koloko. Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kuposa mpweya maulendo oposa 20. Thupi lathu limafuna kukhala pa madigiri pafupifupi 37. Likatsika kufika pansi pa madigiri 35 madokotala amati hypothermia, ndipo chiwalo choyamba kusokonekera ndi ubongo womwe ukanakuuzani kuti valani.

Anthu oyenda m'mapiri ku England anaphunzira zimenezi ndi maliro. Mu March 1964, pampikisano woyenda pansi wa ma Scout wotchedwa Four Inns Walk ku Peak District, anyamata atatu anafa. Kumeneko kulibe mapiri ataliatali, malo okwera kwambiri, Kinder Scout, ndi mamita 636 okha. Chinawapha ndi mvula, mphepo ndi kutopa. Dokotala Griffith Pugh, yemwe anali nawo pa ulendo wa 1953 wokwera Everest, phiri lalitali kwambiri padziko lonse, anafufuza nkhaniyi. Anapeza kuti zovala zikanyowa mphepo nkumaomba, mphamvu yake yosunga kutentha imatsala yochepa kwambiri. Munthu akamayenda mwachangu thupi limadzitenthetsa lokha, koma akatopa nkuchepetsa liwiro amayamba kuzizira mkati, kuzizirako nkumamutopetsanso. Ndiye mphamvu za mnyamata wathu uja sizikanamupulumutsa. Zinangomufikitsa msanga pamalo oipa ali chinyowere.

Tsono ndisaname, pali mbali ina yomwe anzanuwo akulondola. Masitolo a zovala za m'mapiri amafuna mukhulupirire kuti popanda jekete ya dzina lotchuka simungaponde ngakhale kachulu. Bodza. Ndaonapo anthu atavala zodula kuyambira kumutu mpaka kuphazi koma osanyamula tochi, osadziwa nthawi yomwe dzuwa lilowe. Chofunika ndi mtundu wa nsalu, osati chizindikiro chosokedwa pachifuwa. Thonje limamwa madzi ndipo siliuma msanga, jinzi ndiye ndi thonje lolemera. Ubweya wa nkhosa ndi poliyesitala zimafundabe ngakhale zitanyowako. Juzi yakale ya ubweya ya agogo anu ikuposa malaya atsopano a thonje.

Za nthawi

Apa ndipamene ambiri amagwa m'mbuna, chifukwa masiku a nyengo yozizira ndi aafupi. Kum'mwera kwa dziko lapansi tsiku lalifupi kwambiri limafika cha pa 21 June, kumpoto cha pa 21 December. Munthu wina wa ku Scotland, William Naismith, anapereka kawerengedwe kosavuta mu 1892: ola limodzi pa makilomita 5 aliwonse, kuwonjezerapo ola lina pa mamita 600 aliwonse okwera. Iye anali woyenda mwamphamvu, choncho inu onjezeranipo nthawi yopuma ndi ya matope. Musananyamuke gwirizanani ola lobwerera, ndipo likakwana bwererani kaya nsonga ikuoneka pafupi bwanji. Ndimakonda kugwirizana zimenezi tili m'munsi, tonse tili ofunda ndi oganiza bwino, chifukwa pamwamba aliyense amasanduka loya. Foni nayonso musaidalire kwambiri. Batire limatha msanga kukazizira, makamaka ikamasakasaka netiweki, ndiye muiike m'thumba lamkati pafupi ndi thupi, ndipo tochi ikhale yapayokha.

Musandimve ngati ndikukuopsezani kuti mukhale pakhomo. Kwa ine nyengo imeneyi ndiyo yokoma kuyenda: sutopa ndi kutentha, tizilombo touluka timachepa, njira sizidzaza anthu, ndipo mvula ikangosiya mpweya umayera mpaka umaona mapiri akutali omwe nthawi yotentha amabisika m'chifunga.

Yankho lanu nali, achemwali. Musagule zodula. Jinzi isiyeni kunyumba. Mkati valani malaya a poliyesitala kapena ubweya, pakati juzi, kunja jekete yosalowa madzi ndi mphepo. Ngati pali chinthu chimodzi choti muwonongerepo ndalama, ndi jeketeyo. Nyamukani mukumva kachisanu pang'ono kuti musatuluke thukuta lambiri, mukaima valani msanga musanayambe kunjenjemera. M'chikwama muike juzi youma ndi masokosi m'pepala la pulasitiki, chipewa, magolovesi, tochi, wezulo, madzi ndi chakudya choposa chomwe mukuganiza kuti mudya. Uzani munthu wina njira yanu ndi ola lomwe mubwerere. Ulendo woyamba sankhani njira yaifupi yodziwika, ndipo anzanu a jinzi aja muwanyamulireko juzi ina.