Mwana wafunsa chifukwa chake kwawo sikulira mbalame

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Area 25 ku Lilongwe. Anamanga nyumba, anazunguliza mpanda wa njerwa, nayala mabuloko pabwalo ponse. Tsopano mwana wawo wa zaka 6 wabwerako kutchuthi kwa agogo ake, ndipo akufunsa chifukwa chake kumudzi kumalira mbalame m'mawa pamene kwawo kuli zii. Mayiwa akuti: nditani kuti mbalame ndi agulugufe azibwera pakhomo, koma njoka ayi?

Mayi, imelo yanu inandibaya pamtima, moti ndinatha masiku awiri ndisanayankhe. Mundilole ndiyambire kutali pang'ono.

Kwathu ku Ntcheu, kuseri kwa khitchini ya agogo anga aakazi, kunali mkuyu waukulu woti ana atatu kugwirana manja sitinkauzungulira. Nkhuyu zikapsa, mumtengomo munkakhala ngati mumsika. Apumbwa ankafika kusanache, njiwa zinkatola pansi, agologolo ankathamangitsana m'nthambi, ndipo dzuwa likalowa ankalowa m'malo ndi mileme, m'mawa n'kupeza nkhuyu zotafuna theka zili mbwee pansi. Agogo ankakhala patsinde pake akutongola chimanga, ndipo mbalame iliyonse ankaidziwa ndi kulira kwake, osakweza ndi maso omwe. Amati akamva mnthengu ukukalipa, ankatiuza kuti tiyang'ane anapiye, kabawi ali pafupi. Ndipo ankapezekadi.

Chaka china mwana wa amalume anadwala kwambiri. Usiku womwewo kadzidzi analira mumkuyumo, n'kuliranso mawa lake. Tsiku lachitatu amalume anabwera ndi nkhwangwa ndi anyamata awiri. Agogo analankhula mpaka mawu kusasa, koma munthu amene mwana wake ali gone samva za mtengo. Mwanayo anali ndi malungo, anapita naye kuchipatala ndipo anachira. Mkuyu unali utagwa kale. Ine ndinali m'gulu la ana amene ankakoka nthambi, ndipo chimene sindiiwala ndi chisa chimene ndinachipeza m'masamba, muli timazira tiwiri tosweka. Agogo sanakhalenso kuseri kuja. Mphasa yawo inasamukira pakhonde, ndipo chaka chotsatira ankangodandaula za makoswe m'nkhokwe.

Ndinganame nditati ndinaphunzirapo kanthu nthawi imeneyo. Ndinakula ndi legeni m'khosi ngati anzanga onse, ulimbo ndinkautchera, ndipo nditapeza poloti yangayanga ku Chilomoni ndinachita zimene munachita inuzi. Ndinadula chilichonse chimene ndinachipeza, ndinathira simenti kuyambira pageti mpaka pakhonde, ndipo mbali yotsalayo tinkaisesa m'mawa uliwonse mpaka dothi kuoneka gwaa ngati pansi pozira. Alendo ankayamikira kuti pakhomo pano m'paukhondo. Ine ndinkamva bwino. Koma kunkacha mwakachetechete, ndipo amene ankatiyendera anali akhwangwala okha, kudzafufuza m'dzala.

Chimene chinasintha zinthu ndi mpopi wodontha. Unali mwezi wa Okutobala, kutentha kuja koti ngakhale agalu safuna kuuwa. Mayi a kunyumba anayika phale la mphika wosweka pansi pa mpopiwo kuti madzi asamapange matope. Tsiku lina masana ndili pazenera ndinaona pumbwa atatera m'mphepete mwa phalelo. Anayang'ana uku ndi uku, anaviika mlomo, n'kukweza mutu kuti madzi atsike. Kenako analowa ndi miyendo yomwe, n'kuyamba kukupiza mapiko, madzi ali waza waza, katsumba ka pamutu kali njo, chikasu cha kunsi kwa mchira chikuonekera. Atatuluka anakakhala pa waya wa zovala n'kumadzikonza nthenga imodziimodzi. Ndinaima pamenepo osasuntha, ndipo m'maso mwanga munalengeza misozi, chifukwa ndinaona agogo ali patsinde pa mkuyu. Pasanathe sabata kunabwera timpheta, kenako njiwa ziwiri, kenako njuchi zomwe zinkatera pamwala umene ndinaika pakati pa phale.

Apa ndiye ndinene zimene zili kukhosi. Ife Amalawi tasokoneza ukhondo ndi chipululu. Timadzuka ndi tsache kusesa dothi lenilenilo, chaka ndi chaka, mpaka mizu ya mango kuonekera pamtunda, maziko a nyumba n'kutsala pamwamba. Masamba amene mtengo wagwetsa kuti adyetse nthaka timawaunjika n'kuwayatsa, utsi uli tolo m'makwalala onse mwezi wa Ogasiti ndi Seputembala. Tsamba louma si nyansi. Nyansi ndi majumbo, mabotolo, matewera ndi madzi a kubafa oyenda m'msewu, ndipo zimenezo n'zimene zimatidwalitsa. Pansi pa masamba ovunda m'pamene pamakhala nyongolotsi, abongololo ndi tizilombo timene mbalame zimadyetsa ana awo. Mukasesa zonsezo mwasesa chakudya, ndipo palibe cholengedwa chimene chimakhala pamalo popanda chakudya. Ndikunenetsa: bwalo la mabuloko lokhalokha si chitukuko, ndi ng'anjo imene timadziwotcha nayo tokha m'chilimwe, ndipo mvula ikagwa madzi onse timawakankhira kwa aneba akumunsi.

Dziko lathu laling'onoli lili ndi mitundu ya mbalame yoposa 600. Ndi chuma chimene anthu amakwerera ndege kudzaona ku Liwonde, ku Nyika ndi ku Dzalanyama. Koma Dzalanyama yemweyo akutha ndi makala amene timaphikira ife a m'tauni, ndipo aliyense wa ku Blantyre wamkulu msinkhu akukumbukira kuti phiri la Ndirande linali ndi mitengo. Mbalame zimene zinkagona kumeneko zilowera kuti ngati makomo athu nawonso ali mbee? Ine ndikayang'ana Michiru kuchokera pakhonde panga, ndimaona kuti kabwalo kanga kangakhale pothawira, ngakhale kachepe bwanji.

Nkhani ya kadzidzi ija ndiibwereze, chifukwa imandiwawabe. Kadzidzi amabwera pakhomo chifukwa pali makoswe ndi mbewa, basi. Ndi mlonda amene salipidwa. Ife timamugenda, kenako timakagula tameki pamsika n'kuthira m'nyenyeswa za nsima. Khoswe wadya poizoniyo amayenda mozandima, kadzidzi kapena mphaka n'kumutola, poizoni n'kupitirira. Agalu angati afa motero m'makomo mwathu? Ndipo mankhwala omwewo ali m'nyumba momwe muli ana okwawa. Chimodzimodzi kudimba: chibwerere mbozi zija zinavuta m'chimanga mu 2017, anthu ambiri anazolowera kupopera chilichonse chimene chikuyenda, ngakhale pa timizere tiwiri ta mpiru kuseri kwa nyumba. Mankhwala sasankha. Amapha mbozi, n'kuphanso njuchi imene ikanabereketsa maungu anu. Bilimankhwe naye timamuphera chiyani? Alibe ululu, ntchito yake ndi kugwira ntchentche ndi ziwala. Achule amatha tizilombo tambirimbiri usiku umodzi. Abuluzi a pakhoma aja akusaka udzudzu ndi njenjete zimene zabwera ku getsi.

Nanga njoka?

Sindikunamizani, mayi: pamene pali moyo, tsiku lina njoka ikhoza kudutsa. Koma chimene chimaitana njoka kwenikweni ndi makoswe, ndipo makoswe amaitanidwa ndi dzala la zakudya zotsala, gaga wotayikira m'khola la nkhuku, milu ya njerwa ndi malata akale oyedzamira khoma. Zimenezo chotsani. Musiye ngodya imodzi yosasesa, koma ikhale kutali ndi khomo ndi kumene mwana amasewera, udzu wa m'mbali mwa njira uzikhala waufupi, ndipo usiku muziyenda ndi tochi. Mwana mumuphunzitse kuti akaona njoka abwerere m'mbuyo n'kuitana wamkulu, osaigenda, chifukwa ambiri amalumidwa poyesa kuipha. Wina akalumidwa, thamangirani kuchipatala, osatema mphini pabalapo kapena kumanga chingwe. Ine pa zaka zonsezi ndaonapo njoka kawiri pakhomo panga, ndipo maulendo onse awiri inali kuthawa.

Tsono zochita zake si zambiri. Yambani ndi madzi lero lomwe: phale kapena mbale yosazama, pamthunzi, mwala pakati, pamalo poti mphaka sangabisale pafupi. Muzikhuthula ndi kutsuka pakapita masiku awiri kapena atatu, chifukwa udzudzu umafuna pafupifupi sabata kuti dzira lisanduke udzudzu wouluka, ndipo sitikufuna kuweta malungo. Zulani mabuloko pangodya imodzi, ngakhale mamita awiri okha mbali zonse, muthirepo masamba ndi manyowa. Mvula ikayamba, nyengo yodzala mitengo ija ya pa 15 Disembala mpaka 15 Epulo, dzalanipo mtengo wa zipatso. Mkuyu ndimaukonda koma pa poloti ya m'tauni ayi, mizu yake imang'amba maziko ndi thanki ya chimbudzi. Mpoza, nthudza, mabulosi, gwafa kapena papaya zikukwanirani, ndipo papaya limodzi muzilisiya lipsere mumtengo. Chisoso, luni ndi bonongwe zikamera zokha musazule zonse; zina ndi ndiwo zanu, zina zichite maluwa ndi njere, mudzaona agulugufe ndi timpheta. Mukapeza mpata Loweruka lina, mupite naye mwanayo ku Lilongwe Wildlife Centre, muyende m'nkhalango ya m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, akaone mitengo yachilengedwe imene inalipo mzindawu usanamangidwe.

Phalelo muliike poti mwana aziliona ali pazenera, ndipo azithira madzi ndi iyeyo. Masiku oyamba mwina sipabwera kanthu, mbalame zimayamba zaonerera patali. Ikadzatera yoyamba mundilembere, mundiuze mtundu wa nthenga zake ndi mmene ikulirira, tidzathandizane kuitchula dzina. Ine ndikuganiza kuti adzakhala pumbwa.