Mwana wa malemu mng'ono wanu: kumusunga kapena kumutenga mwalamulo

Mayi, pepani ndi maliro. Mwati mng'ono wanu anatisiya chaka chatha ku Makanjira, mtsikana wake wa zaka 4 ali m'manja mwanu, bambo ake anapita ku Joni ndipo sakumvekanso. Mwinimbumba ndi akubanja anagwirizana kuti mwana akhale kwa inu, ndiye mukufunsa ngati zimenezo n'zokwanira, komanso komwe mungatsamire.

Pamudzi n'zokwanira, koma ku khothi ayi. Bamboyo akadzatulukira, kapena akuchimuna akadzati tipatseni mwana wathu, mgwirizano wapakamwa sudzakuikirani kumbuyo. Ndikukupemphani, musachedwe nazo.

Yambirani ku ofesi ya Social Welfare pa boma pa Mangochi. Lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana limawapatsa mphamvu yoika mwana m'manja mwa womusunga. Mudzalemba fomu, iwo adzabwera kudzaona pakhomo panu ndi kucheza ndi omwe mumakhala nawo. Akavomera, udindo wa chakudya, sukulu ndi chipatala ndi wanu, koma mwana amakhalabe wa makolo ake, dzina silisintha. Ngati banja lanu ndi lachisilamu, njirayi ingakukomereni, poti mwana sataya dzina la bambo ake.

Kumutenga kuti akhale wanu mpaka kalekale n'kwina, ndipo ndi khothi lokha lomwe lingagamule. A mfumu kapena a Social Welfare alibe mphamvu imeneyo. Lamulo la kutenga ana limati wopempha akhale wa zaka zosachepera 25 ndipo apose mwanayo ndi zaka 21, ngakhale kwa wachibale ngati inu khothi likhoza kufewetsa za kusiyana zakazo. Povuta ndi pa bambo. Chilolezo chawo chimafunika, koma khothi likhoza kupitiriza popanda iwo likakhutira kuti anamutaya mwana kapena sakupezeka. Choncho sungani umboni woti munawafunafuna: mauthenga a pa WhatsApp, kalata ya a mfumu, mawu a omwe anapita nawo ku Joni. Khothi lidzasankhanso munthu woimira zofuna za mwana, ndipo lipoti lake limalemera kwambiri. Wina aliyense asalandire ndalama ngati malipiro a mwanayu, lamulo limaletsa.

Kusiyana kwa kumusunga ndi kumutenga kumaonekera pa chuma cha masiye. Lamulo la 2011 limawerengera mwana wotengedwa kudzera ku khothi ngati wobereka nokha, pomwe wongosungidwa sawerengedwa ngati mwana wanu, ndiye kuti gawo lake pa chuma chanu likhale lotsimikizika mulembeni mu wilo. Pa katundu wa malemu mayi ake ali nalo gawo kale. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu, ndipo wina akayerekeza thamangirani ku Victim Support Unit ya polisi.

Ngati ndalama ya loya mulibe, pitani ku Legal Aid Bureau, anaikidwira anthu otere. Za Mtukula Pakhomo ndisakunamizeni: kusunga mwana wamasiye pakokha sikulowetsa munthu m'kaundula, amayang'ana umphawi wa banja ndi kusowa kwa ogwira ntchito pakhomo, komabe funsani. Mwana akamalira usiku kapena kusiya kudya chifukwa chosowa mayi ake, imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana, mupemphe uphungu.

Popita pa boma tengani chiphaso chanu cha unzika, buku lake la kusikelo, kalata ya imfa ya mayi ake ndi ya a mfumu. Ngati alibe chiphaso cha kubadwa, dzerani ku NRB, ofesi yopereka ziphaso za unzika ndi za kubadwa, tsiku lomwelo.